Dzina M'munsi mwa Tsamba

"Nanga boti loyamba la matabwa pa doko lino analikhoma ndani, ababa?" anafunsa Jamila, cholembera chili m'manja.

A Abdallah sanadzutse mutu. Anapitiriza kusoka ukonde umene anaukoletsa ku chala chachikulu chakuphazi, ngati kuti funsolo lapita kwa mbuzi zimene zinkadya makoko a chinangwa pabwalo.

"Munthu wina," anayankha patapita nthawi.

"Munthu wina ndani? Analibe dzina?"

"Iwe, kukoleji kwanuko amakuphunzitsani kufunsa makolo ngati apolisi? Ndati munthu wina. Lemba zomwezo."

Jamila anatseka kope mtima ukuwawa. Bambo akewo sanali oyamba kumuyankha motero. Chibwerereni kutchuthi, anali atazungulira midzi ya kwa Maganga ya m'mbali mwa nyanja, kufunsa asodzi akale za mbiri ya usodzi wakwawoko. Nkhalambazo zinkayankhula mpaka kukhosi kuuma. Zinkatchula mitengo imene ankasemera mabwato, chaka chimene ukonde wa chilimira unafika, ngakhale dzina la galu wa mzungu wina amene ankagula chambo kalekale. Koma nkhani ikangofika pa maboti a matabwa, pakamwa ponse pankatsekeka. Wina ankayamba kutsokomola, wina ankakumbukira kuti nthawi yoswali yakwana, ndipo onse asanayankhe ankayamba ayang'ana kumsewu.

Ntchito imeneyi sinali yamasewera. Wophunzira aliyense wa mbiri yakale, akafika chaka chomaliza, ankayenera kupita kwawo kukafufuza nkhani imodzi n'kubwerera ndi pepala la m'Chingerezi lotaipidwa bwino. Mphunzitsi wawo, a Chakufwa, anali bambo wamfupi wa jekete lotuwa ndi choko, ndipo malamulo awo ankawabwereza ngati nyimbo. Mboni imodzi si mboni, funsani angapo mufananitse. Musalembe zomva kwa womva, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Lamulo lalikulu linali lakuti chilichonse chimene wauzidwa uchiike nambala, ndipo m'munsi mwa tsamba ulembe dzina la wokuuzayo, zaka zake, mudzi wake ndi tsiku limene munacheza.

"Mawu opanda mwini ndi miseche, si mbiri," ankatero a Chakufwa uku akugogoda tebulo.

Ankawalangizanso motsitsa mawu kuti asankhe mitu yosaluma, monga thonje, njanji kapena nsomba. Anali masiku a chipani chimodzi, m'zaka za m'ma 1980, pamene munthu ankatha kupita kumsika kukagula mchere n'kusabweranso. Jamila anasankha maboti poganiza kuti thabwa silingalume munthu. Ankafunitsitsa kuti pepala lake lipose onse, chifukwa lopambana linkasungidwa m'laibulale ndipo mwini wake ankaganiziridwa pa mwayi wopitiriza maphunziro. Anali mtsikana woyamba pamtundu pawo kufika kukoleji, ndipo anthu amene ananena kuti adzabwerako ndi mimba m'malo mwa digiri anali akadali moyo, akudikira. Tsono pakati penipeni pa pepala lakelo panali dzenje lotchedwa "munthu wina".

Lachisanu m'mawa anapita kukapereka moni kwa azakhali ake a Habiba, mlongo wa bambo ake, amene ankakhala okha kumapeto kwa mudzi. Jamila sankakonda kufika panyumba imeneyo. Kuseri kwake, patsinde pa mtengo wa mango, panali boti losamalizidwa, nthiti zake zili pamtunda ngati za ng'ombe yofa kalekale. Nkhuni zinkavuta m'mudzimo, koma palibe amene anazulapo thabwa, ndipo ana sankaseweramo. Lachisanu lililonse a Habiba ankachapa mkanjo woyera wa amuna awo n'kuuyanika pa chingwe pafupi ndi botilo. Mwera ukawomba, mkanjowo unkafufuma, manja ake n'kumagwedezeka ngati munthu wopanda mutu amene akufuna kunena kanthu.

Amuna awowo, a Binali, anali ku Joni. Umu ndi mmene Jamila anauzidwira kuyambira ali mwana. Iye ankangokumbukira fungo la phula ndi dzanja lokhakhala limene linkamuninkha zitumbuwa. Koma tsiku limenelo anaima n'kuliyang'ana botilo ndi maso a munthu wofufuza. Wa ku Joni amatumiza kalata, bulangete kapena njinga, koma uyu sanatumizepo ngakhale singano. Nanga ndi mmisiri uti amene amasiya boti lili pakati n'kupita kukakumba m'migodi?

"Azakhali," anatero atakhala pamphasa, "boti loyamba la matabwa pa doko lino anakhoma ndi a Binali, eti?"

A Habiba anasiya kupeta mpunga. Anayang'ana kumsewu, kenaka anamugwira pamkono n'kulowa naye m'nyumba.

"Dzina limenelo usamalitchule pabwalo, mwanawe."

"Kodi ali ku Joni zoona?"

"Ku Joni amapitako pa Landilova atamangidwa manja?" A Habiba anaseka kaphwete kowawa. "Anabwera kudzawatenga dzuwa lili paliwombo, iwo akukhoma boti lomwelo. Iwe unali usanayambe sukulu. Chifukwa chake sindinauzidwe. Nditapita kuboma kukafunsa, anandiuza kuti ndikadzafunanso kufunsa ndidzabwere ndi bulangete langa."

Anasisita mawondo.

"Ine sindine wamasiye, sindine wapabanja. Ndikanamva kuti anamwalira, bwenzi nditakhala m'nyumba masiku a eda monga amachitira mkazi wachisilamu akaferedwa. Bwenzi nditaphika sadaka, ashehe n'kuwapemphera duwa. Koma munthu ungamuphikire bwanji sadaka usanamve za imfa yake? Ngati ali moyo ndiye kuti wamupha ndiwe. Ndiye ndimangochapa mkanjo, kuti akatulukira Lachisanu asasowe chovala kumzikiti."

Jamila anamva chisoni chachikulu. Koma tisabise, pansi pa chisonicho panali kachimwemwe ka mlenje amene waona mapazi a nyama.

"Palibe aliyense amene angadziwe kumene ali?"

"Alipo bambo wina wotsimphina, Mkhristu, wa ku Chinguluwe. Akakolola amabwera ndi kathumba ka mpunga, n'kukaika m'botimo, n'kubwerera osapereka moni. Amati dzina lake ndi Augustine. Sindinamufunsepo kanthu, mwanawe. Ndimaopa yankho lake."

M'mawa mwake Jamila anabwereka njinga ya bambo ake n'kuyamba ulendo wautali wa ku Chinguluwe. Anawapeza a Augustine Zenengeya pakati pa munda wa mpunga, akukoka chingwe cha zitini kuingitsa mbalame. Anali bambo wowonda, wa imvi zobwera msanga, ndipo mano akutsogolo analibe. Jamila atanena kuti ndi mwana wa mlongo wa a Habiba, zitini zija zinasiya kulira.

Anakhala pa mlambala wa munda, kutali ndi anthu. Jamila anatulutsa kope, koma bambowo anaika chala pachikuto pake.

"Inenso ndinali mphunzitsi, mayi, ndiye ndikudziwa mmene mapepala anuwa amalembedwera. Za maboti lembani. Kuti Binali ndiye anakhoma boti loyamba, ngakhale nkhanu za pa doko zikudziwa. Koma zimene ndikuuzeni ndi za azakhali anu, si za koleji. Dzina langa lisatuluke. Ponditulutsa anandiuza kuti ndikadzatsegula pakamwa adzabweranso, ndipo anthu amenewa lonjezo lotere amasunga."

"Ndamva, bambo. Silituluka," analonjeza Jamila.

Atatero, a Augustine anayamba kufotokoza, maso ali pa mpunga. Iwo anamangidwa chifukwa chithunzi cha pakhoma m'kalasi mwawo chinagwa galasi n'kusweka, ndipo mnzawo wina anakanena kuti anachigwetsa dala. M'ndende anagona chipinda chimodzi ndi a Binali. Mlandu wa a Binali unali woti anawolotsa nyanja pa boti lawo mabanja a anthu a mpingo wina amene ankakana kugula makhadi a chipani, nyumba zawo zitatenthedwa. Sanali abale awo, sanali a chipembedzo chawo, ndipo sanawalipiritse.

"Ndinamufunsa kuti, iwe Msilamu, unalowereranji za Akhristu? Iye anati, pakati pawo panali ana, ndipo mwana akamalira salira Chikhristu." A Augustine anapitiriza. "Chifuwa chinamugwira nyengo ya dzinja. Anafera m'manja mwangamu. Mapemphero anu sindiwadziwa, ndiye ndinangomutseka maso n'kumutembenuza kuti ayang'ane chakumpoto, kumene ankayang'ana akamaswali. Kumene anakamuika sindikudziwa. Ndikafika pakhomo paja n'kuona mkanjo uli pa chingwe, lilime limauma. Kawauzeni ndinu."

Jamila anakawauza tsiku lomwelo. A Habiba sanakuwe ayi. Ananong'ona mawu amene Asilamu amanena akamva za imfa, kenaka anatuluka n'kukamasula chingwe chija ku mtengo wa mango. Mbiri imene inafala m'mudzi inali yakuti uthenga wafika woti a Binali anamwalira ku Joni, ndipo aliyense anailandira mosafunsa kuti wabwera nawo ndani. Ashehe anati nthawi ya eda inadutsa kale pakuti imfayo ndi yakale, koma sadaka iphikidwe. Amayi anayamba kusonkha mpunga.

Nkhani ikanathera pomwepa bwenzi zili bwino. Koma Jamila anali ndi pepala loti alembe.

Anakhala pakhonde masiku angapo, bokosi la sopo lili tebulo lake, akusanja zimene anatola. Za mabwato zinayenda bwino, za maukonde chimodzimodzi, manambala ali ndondondo ndipo m'munsi mwa tsamba lililonse muli mayina a nkhalamba zija. Atafika pa a Binali, dzanja linathamanga lokha. Analemba za mmisiri amene anaphunzira kupinda matabwa ndi madzi otentha, za boti limene linasintha usodzi wa dera lonselo, za ulendo wowolotsa mabanja aja, ndi za imfa ya m'ndende. Atawerenganso, tsitsi linamuyimirira. Anadziwa kuti m'kalasi mwawo monse palibe amene adzabwere ndi tsamba lotere.

Anaika nambala kumapeto kwa ndimeyo, n'kutsitsa cholembera m'munsi mwa tsamba. Pamenepo anaima. Anamva mawu a bambo wopanda mano uja akuti dzina langa lisatuluke, ndipo anamvanso tebulo likugogodwa: mawu opanda mwini ndi miseche. Popanda dzina, a Chakufwa adzazunguliza ndime yonseyo ndi inki yofiira, ndipo tsamba lokoma koposa lidzasanduka nthano.

Munthu akafuna chinthu, zifukwa sizisowa. Jamila anadziuza kuti nkhaniyi ndi yakale, ndipo tsobola wakale sawawa. Anadziuza kuti pepalalo ndi la m'Chingerezi, ndiye ndani angaliwerenge kuno? Adzaliona ndi a Chakufwa okha, ndipo akadzalichonga iye adzawapempha kuti dzinalo lifufutidwe lisanapite kulaibulale. Atadzitonthoza chotero analemba mwaukhondo: Augustine Zenengeya, zaka zawo, Chinguluwe, ndi tsiku limene anacheza.

Bambo ake anamupeza akumanga mapepalawo ndi ulusi. Chingerezi sankachidziwa, koma nkhope ya mwana wawo ankaidziwa.

"Za kwa azakhali ako zija sunaikemo, eti?"

"Ndalemba za maboti basi, ababa."

"Chabwino. Ukayenda siya phazi, mwananga. Ukasiya mlomo umakutsata."

Ku Salima kuboma, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, pankakhala mayi wina dzina lake Mavis ndi makina ake otaipira. Ankataipa makalata ofunsira ntchito, madandaulo a malo ndi zina zotero. Sanali munthu woipa mtima. Vuto lake linali limodzi: ankawerenga mokweza chilichonse chimene akutaipa, ena amati pofuna kuti odutsa adziwe kuti Chingerezi amachitha. Jamila anali asanataipitsepo kanthu kwa mayiyu, choncho khalidwe limeneli sankalidziwa.

Pa benchi panali anthu odikira, agogo ena ofuna kalata ya penshoni ndi mayi wobereka mwana. Masamba oyamba anayenda bwino. Mavis ankalowetsa mapepala awiri ndi kaboni pakati, n'kumaimba mayina a mitengo ndi maukonde, makina akuti tatata. Jamila anayamba wasekerera, koma masamba akusendera ku nkhani ija, kusekererako kunatha. Anaganiza zolichotsa tsambalo, koma anachita manyazi kusokoneza ntchito ili pakati.

Nthawi yomweyo pakhondepo panakwera bambo wa malaya ofiira, mmodzi wa aja oima pachipata cha msika kufunsa anthu makhadi a chipani. Anali ndi kapepala kake kofuna kutaipitsa. Agogo aja anasendera msanga kumupatsa malo.

Mavis anali atalowa kale m'ndime ya a Binali. Chingerezi chokhachokha mwina chikanadutsa, pakuti pa benchipo panalibe wochitsatira bwino. Koma atafika m'munsi mwa tsamba anatsinzina diso limodzi, n'kuyandikitsa pepala kumaso.

"Achemwali, zolemba zanuzi ndi zing'onozing'ono ngati nyerere. Apa mwati Augustine ndani? Zenengeya? Aa, si uja wotsimphina wa ku Chinguluwe, amagulitsa mpunga kuseri kwa msikayu? Kodi anakhalako kundende? Ndiye munthu anafera m'manja mwakeyo ndi Binali wake uti?"

Mayi wobereka mwana uja anaimirira n'kuchoka osatsanzika. Agogo aja anayamba kuyang'anitsitsa zala zawo. Mavis anazindikira mochedwa, dzanja n'kupita pakamwa.

Jamila anazula mapepala m'makina, wina n'kung'ambika, nawakumbatira onse pachifuwa. Kaboni uja anagwa pansi. Bambo wa malaya ofiira anawerama mosafulumira, anamutola, n'kumuyang'ana kudzuwa, pamene zilembo zonse zinkaoneka mbee.

"Pitirizani ntchito, achemwali," anatero mwaulemu, akupinda kaboniyo n'kumuika m'thumba la malaya. "Ife tilibe changu."

Jamila sanadziwe mmene anakwerera njinga. Anapalasa molunjika ku Chinguluwe, fumbi likulowa m'maso. Anawapeza a Augustine pakhonde akunola chikwakwa, pakuti mpunga unali utacha. Akazi awo a Dorica ankasenda nandolo chapafupi. Jamila anagwada pansi n'kunena zonse, osasiyako ngakhale za kaboni.

A Augustine anamvetsera mpaka kumapeto. Anaika chikwakwa pansi bwinobwino.

"Zaka zanga munalemba?"

"Eya, bambo."

"Mudzi?"

"Eya."

"Ndi tsiku lomwe?"

Jamila anangogwedeza mutu, misozi ikugwera pa mapepala.

"Ndiye aphunzitsi anu akakondwa. Palibe chimene mwasiya."

Akanamutukwana kapena kumuthamangitsa ndi chikwakwa chija, bwenzi zili bwinoko. Koma mawu awo anali ofatsa, a mphunzitsi amene akuchonga ntchito ya mwana.

"Nding'amba tsambali, bambo. Ndilitentha pompano."

"Tenthani, mayi. Nanga zimene zalowa kale m'khutu la munthu muzitentha bwanji?" Anayang'ana kumsewu, monga ankachitira asodzi a kwa Maganga aja. "Nyamukani kusanade. Musadzere kumsika."

Nandolo zinali zitakhuthukira pansi, ndipo a Dorica sanazitole.

Masiku otsatirawo Jamila ankadzidzimuka ndi kulira kwa galimoto iliyonse. Ankayembekezera kuti abwera kudzatenga iyeyo, kapena azakhali ake, koma kwa Maganga sikunafike munthu. Pang'ono ndi pang'ono mtima unayamba kutsika. Mwina bambo uja anataya kaboni, mwina sanapeze womuwerengera.

Sadaka itayandikira, a Habiba anamuitana.

"Pita ukawaitane bambo aja. Munthu amene anatseka maso a amuna anga ayenera kukhala pa mphasa yoyamba, kaya ndi Mkhristu."

Jamila anapita. Munda uja anaupeza uli wosadulidwa, mpunga utawerama, mbalame zikudya mwaufulu, chingwe cha zitini chili pansi. Panjira yolowera kunyumba panali mapazi a matayala aakulu, koma nyengo yokolola malole ogula mpunga amadutsanso momwemo, choncho mapaziwo sanamuuze kanthu. A Dorica anali pabwalo akutsuka mbale imodzi.

"Odi, amayi. Abambo alipo?"

"Kulibe."

"Apita kuti?"

A Dorica anayamba ayang'ana kumsewu, kenaka anamuyang'ana Jamila m'maso.

"Apita ku Joni kukafuna ntchito."

Migodi ya ku Joni sinkalemba anthu a imvi otsimphina, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

"Amayi, chonde ndiuzeni. Athawa okha kapena abwera kudzawatenga?"

"Mufuna mukalembe?" anafunsa a Dorica. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Sadaka inaphikidwa. Anthu anadzaza pabwalo la a Habiba mpaka kutsamira boti lija, ndipo ashehe anatchula dzina la Binali mokweza, masana, aliyense akumva. Amuna akuluakulu anapukuta maso ndi mizuli yawo. A Habiba analira kulira kumene anakusunga zaka zonse zija, ndipo atatha anapereka mkanjo uja kwa mkulu wina wosauka wa kumzikiti. Pa mphasa yoyamba anasiyapo malo a munthu mmodzi. Atafunsa Jamila kuti mlendo uja ali kuti, iye anayankha kuti sanawapeze.

Pepala lija analitaipitsa kwina, tsamba lija atalichotsa. Pa za boti loyamba analembapo mzere umodzi wokha, wakuti linakhomedwa ndi munthu wina wa pa doko pomwepo. A Chakufwa anazunguliza mawuwo ndi inki yofiira, n'kumuitanira muofesi.

"Jamila, pepala lonseli mayina ali bwinobwino. Nanga apa? Munthu wina ndani, ndipo anakuuza ndani?"

"Munthu wina, aphunzitsi."

A Chakufwa anatsegula pakamwa kuti anene mawu awo aja a miseche, koma atamuyang'ana kumaso sanawanene. Anayang'ana kuchitseko, anatseka cholembera chawo, n'kumubwezera pepalalo. Linakhoza ndithu, koma la kulaibulale linali la mnyamata wina amene analemba za thonje.

Tchuthi chotsatira Jamila anabwerekanso njinga ya bambo ake. Anamanga kumbuyo kathumba ka usipa wouma n'kupalasa ulendo wa ku Chinguluwe. Linali Loweruka. Munda uja unali utamera udzu. Kuseri kwa nyumba, pa chingwe, panali malaya oyera a manja aatali, aja amavala bambo popita kutchalitchi, ndipo madzi anali akudonthabe. Mphepo inawomba, malayawo n'kufufuma, manja ake n'kuyamba kugwedezeka.

Jamila anaima nthawi yaitali atagwira njinga. M'nyumbamo munkamveka munthu akusesa. Anafuna kunena odi, koma lilime linauma. Anaika kathumba kaja pakhonde, anatembenuza njinga, n'kubwerera osapereka moni.